Chingwe Chakuda pa Mkono wa Che Amidu

Che Amidu, bambo wachikulire wa ku Utale, anachokera ku chipatala chachikulu ali ndi kapaipi ka mankhwala kolowera pamkono mpaka pafupi ndi mtima. Ntchito yanga, ine namwino, inali kuyeza mkonowo ndi tepi sabata iliyonse pamalo amodzimodzi, chifukwa ukatupa ndiye kuti mwina magazi aundana mumtsempha.

Pamalo enieniwo panali chithumwa chomangidwa ndi chingwe chakuda, ndipo ndinachita nacho mantha. Kawiri konse ndinayeza m'munsi, cha kuchigongono, n'kulemba kuti zonse zili bwino.

Sabata yachitatu akazi awo anandiimitsa pakhomo.

"Anesi, kale chala changa chinkalowa pansi pa chingwechi. Lero chikudya mnofu. Tepi yanuyo sikuona?"

"Iyayi mayi, ndimafuna ndinene zomwezo," ndinanama.

Che Amidu anamasula okha chithumwacho n'kuchiponya m'thumba. "Mukanangonena, mwanangu."

Adokotala anapezadi magazi ataundana, ndipo anawathandiza msanga. Koma mpaka lero ndimapsa mtima. Ndinatha zaka zitatu ndikuphunzira unamwino, tepi inali m'manja mwanga, koma amene anayeza wodwala wanga ndi chingwe chomwe ndinkachiopacho.