Tambala Amene Ndinapita Naye ku Boma

Ndinanyamuka ku Hewe nkhuku zitangotsika, tambala wanga wofiira ali m'khwapa, miyendo yomanga ndi luzi. Sindinauze munthu. Anthu akadziwa kuti wachoka, amayamba kuzungulira khola lako.

Nkhani yake ndi ya Lusungu, mdzukulu wanga wamasiye. Bungwe lina limamulipirira sukulu, ndipo linatumiza chithunzi chake kunja, kwa mayi wachizungu amene amapereka thandizolo. Kuyambira pamenepo sindinkagona bwino. Munthu wongopatsa osalandira kanthu, tsiku lina amadzatenga chachikulu. Nditamva kuti mayiyo wafika ku Rumphi Boma, ndinati ndikamupatse tambala, mwana akhale wanga.

Pa Katowo ndinakwera lole ya chimanga. Kondakitala anati, "Gogo, tambalayo alipiranso."

"Wakhala pa lole yako kapena pa miyendo yanga?"

Anthu anaseka, iye n'kundisiya. Fumbi la ku Nkhamanga linatifiiritsa tonse ngati tambalayo. Pa Bolero mayi wina anandigawira mandasi. Ndinayamba ndamudyetsako tambala. Nditaona kuti sanagwe, ndinadya n'kuthokoza.

Ndinafika pa ofesi ya bungwelo dzuwa lili pamutu. Mzunguyo anali wa imvi ngati ine. Ndinagwada, n'kupereka tambala ndi manja awiri. Mtsikana womasulira, NyaGondwe, anati, "Pepani gogo, malamulo athu salola kulandira mphatso."

Ndinaimirira pomwepo. "Ndiye akufuna mwana wanga? Mufunse choncho, osachotsapo mawu."

Atafunsidwa, mayiyo anagwira pakamwa, misozi ili lengelenge. Anakambirana nthawi yaitali. Kenako NyaGondwe anati, "Akuti mwana ndi wanu, sapita kulikonse. Tambala sangalandire. Koma palibe lamulo loletsa kudya kwa munthu."

Tinabwerera pa galimoto yawo, ine kutsogolo, tambala pa miyendo, osalipira. Titafika ndinamupha tambala uja. Madzulo Lusungu anawathirira alendo madzi m'manja. Mayiyo ndinamuikira nthutumba, gawo la mlendo wolemekezeka. Anaiyang'ana kaye, n'kuidya yonse.

"Yewo chomene," anathokoza m'Chitumbuka chathu, lilime likumukanika.

Ndikuwathokoza ndithu anthu amenewa, sukulu ine sindikanaitha. Koma yewo wa mbali imodzi amalemetsa khosi. Tsopano nayenso wanena yewo pakhomo panga: ndi mlendo wanga, osati mwini mwana.

Atapita ndinawerengabe mbale zanga. Zinali zonse, Lusungu akuzitsuka kuseri kwa nyumba.