Amuna Anga Ankadziwa Kuperekeza Alendo

Ku Mkanda, kumene ndinakwatiwa, mudzi wonse unkawatama amuna anga chifukwa choperekeza alendo. Ena amabwerera pamphambano, koma iwo ankamukankhira mlendo njinga mpaka kuwoloka dambo, n'kubwerako dzuwa litapendeka. Ine ndekha ndinkadziwa kuti sunali ulemu umenewo. Ankathawa kutsala awiriwiri ndi ine.

Ndikangoti, "Bambo, takhalani pansi tikambirane," pomwepo ankakumbukira kuti tayala laphwa, kapena kuti fodya m'chigafa sanamuone. Sanandimenyepo, sananditukwanepo. Nanga kwa ankhoswe ndikanakadandaula chiyani? Nditapita padera anandigulira shuga ndi chitenje cha ku Zambia, n'kuziika pampando osandiyang'ana n'kumaso komwe.

Chaka chachisanu ndi chiwiri ndinalongedza katundu wanga. Ndinkalongedza pang'onopang'ono dala, kudikira kuti anene kuti ndisapite. Iwo anatulutsa njinga, anamangirira chikwama changa pakaliyala, n'kundiperekeza mpaka kuwoloka dambo lija, njira yonse akukamba za mvula. Pamsewu wopita kwathu ku Kapondo anandipatsa dzanja, amvekere, "Muyende bwino, mukapereke moni kunyumba."

Kani zaka zonsezo ine ndinali mlendo wochedwa kutsanzika.