Gawo Lomaliza Linali kwa a Belita

Bambo Elton Kaliati, okhoma ndowa pa msika wa Nkhulambe, amadziwika kwa anansi awo ngati mmisiri wodalirika pa malata, koma wotaya nthawi ndi mapepala. Kwa zaka zambiri, Lamulungu lililonse masana, ankasonkhanitsa anthu ochepa pakhonde pawo kuti awerenge buku lochindikala la Chingerezi limene mphunzitsi wina wopuma anawasiyira pomwalira.

Bukulo linali lovuta. Tsamba limodzi linkadya masana onse. A Kaliati ankawerenga, a Amidu ogula nandolo ankamasulira m'Chichewa, ndipo amayi awiri oyandikana nawo ankatsutsa m'Chilomwe kuti mkamwini sangayankhe apongozi ake motero, ngakhale kwa Azungu.

Lamulo linali limodzi: wina asawerenge yekha. Pofuna kulisunga, a Kaliati anamasula ulusi wa bukulo naligawa, aliyense kukasunga gawo lake. Lomaliza analipereka kwa a Belita, mayi wamasiye wosadziwa kuwerenga.

"Mwandisankha poti ndine mbuli, eti?" anafunsa a Belita.

"Iyayi mayi. Poti enafe ndife akuba, tikhoza kusuzumira mathero."

Litatsala gawo lokhalo, namondwe wa mu 2023 anafika. Madzi ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukokolola nyumba ya a Belita. Iwo anapulumuka, nawolokera kwa abale awo ku Mozambique. A Amidu anasamukira ku Limbe. Amayi awiri aja sanapezeke mpaka lero. Nawo maso a a Kaliati anali atayamba ng'ala, ndipo mwezi uliwonse zilembo zinkanka zizimirira.

A Kaliati anawatsatira a Belita wapansi mpaka ku Mozambique. Mayiwo anamasula chitenje n'kutulutsa chinthu cholimba ngati njerwa. Pothawa, anasiya ufa ndi bulangete, koma gawolo analimanga m'chiuno; matope analinyowetsa, masamba n'kumatana.

"Sindinasuzumire," anatero powapatsa gawolo. Kubwerera anakana, phirilo safunanso kuliona.

Chiyambire pamenepo, a Kaliati amakhala padzuwa, kunyowetsa m'mphepete mwa njerwayo ndi nthenga ya nkhuku, n'kumatula tsamba ndi kampeni kopyapyala kamene anasula okha. Masamba ena amang'ambika. Lotuluka lathunthu amalivundikira msanga n'kulitsindika ndi nyundo, maso atayang'ana kumbali. Ndowa za anthu zikuchita dzimbiri pakhonde. Lamulungu amayala mphasa ndithu, koma pamakhala nkhuku.

Mwana wawo Aliness, amene amawaphikira, analephera kupirira.

"Ababa, werengani maso asanatseke! Mukudikira ndani? Akufa?"

A Kaliati anasendeza tsamba pafupi ndi mphuno, koma osaliwerenga. Kenaka analibwezera pansi pa nyundo.

"A Belita anasiya ufa chifukwa cha lamulo langa. Ndikawerenga ndekha, ndiye kuti anagona ndi njala pachabe. Pita pamsewu, mwanawe, ukaitane aliyense, ngakhale woledzera, angokhala apa n'kumanditsutsa. Fulumira, lero ndikuonako pang'ono."