Mapepala Ogona Chagada

Lero ndiulule. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndinkagwira ntchito pafamase ina ku Satwa, mumzinda wa Dubai. Odwala a inshuwalansi ankatenga mankhwala osalipira, ine n'kutumiza mapepala awo pafakisi ku kampani ya mkhalapakati yomwe inkatibwezera ndalamazo.

Mwezi wathunthu kampaniyo inangoti zii. Bwana wanga, Mmwenye wamtima wapachala, ankamenya tebulo. "Khalas, zakwana! Akuba awa! Boma liike lamulo, azilipira pa nthawi yake!"

"Zoona bwana, liwakhaulitse!" ndinkasonkhezera moto ine.

Tsiku lina a Phiri, mlonda wathu wa ku Chipata, anandisuzumira ndili pamakina a fakisi. "Achimwene," anandinong'oneza, "pepala limagona chafufumimba. Inu mukuligoneka chagada."

Ndinayang'ananso pamakinapo. Mwezi wonsewo ndinkatumiza kuseri kwa mapepala, koyera mbee.

Masana omwewo bwana anandipatsa kalata ya masamba atatu yopempha boma kuti lifufuze nkhaniyi mpaka gwero lake. "Yalla, fulumira, tumiza!"

Mpaka gwero lake? Ndinayang'ana bwana, ndinayang'ana a Phiri. Kenaka ndinaigoneka kalatayo chagada, mwaulemu wonse, n'kudina batani.

Ndinachoka ku Dubai bwana akudandaulabe kuti boma siliyankha makalata.