Chigongono cha Mkamwini

Ndinakwatira m'mudzi wina kufupi ndi Ludzi, ndipo monga mwa mwambo wa kuno ndinakakhala kwawo kwa akazi anga. Ndine mphunzitsi wa masamu pa sekondale ya masana. Nyumba ndinamanga ndekha, malata ndinakhoma ndekha, koma dothi limene nyumbayo inakhalapo silinali langa, ndipo panalibe tsiku limene ndinaiwala zimenezo. Apongozi anga aakazi sitinkalankhulana maso ndi maso. Tikakumana m'kanjira ine ndinkapatuka, n'kupereka moni chapatali nditanyonyomala, iwo akuyang'ana kumbali. Chilichonse chimene ndinkafuna kuwauza chinkadzera mwa akazi anga, yankho n'kubwereranso momwemo. Ndinakhala choncho zaka zinayi.

Malo amodzi okha ndi amene ndinkapumirako: shedi yosankhiramo fodya pa esiteti ina, mtunda wa theka la ola pa njinga. Fodya akapita ku okushoni shediyo inkatsala mbee. Kalaliki wa pa esitetipo, mnzanga wa kalekale, ndiye anamanga neti pakati pa nsanamira ziwiri n'kujambula mizere ya laimu pansi. Timipira take ta nthenga ankachita kuitanitsa ku Chipata. Loweruka lililonse masana tinkasewera badimintoni, kumenya kampira ka nthenga ndi raketi kudutsa neti, mpaka malaya kuchita kufinyidwa. M'shedimo ndinkakuwa, ndinkaseka mokweza, ndinkatsutsa munthu pamaso pake kuti kampirako kagwera kunja. Kumudzi ankati aphunzitsi apita kokathamangitsa nthenga. Ndinkangowasiya, chifukwa maola atatu amenewo ndinkakhala munthu pandekha, osati mkamwini wa eni.

Mu Ogasiti ndinalimba mtima n'kutuma ankhoswe kwa malume awo a akazi anga, amene ndiwo eni mbumba. Ndinapempha chitengwa, kuti andilole kutenga banja langa kupita nalo kwathu ku Dambe, kumene bambo anga anandisiyira malo. Akazi anga anagwirizana nazo, ndipotu ndiwo ankandikakamiza. Yankho linabwera lalifupi: “Tamva. Tidzayankha mbewu zikamera.” Aliyense anadziwa tanthauzo lake. Ankafuna aone kaye mmene ndigwirire khasu m'munda wa apongozi chaka chimenecho.

Mkono unayamba kundivuta mu Seputembala. Poyamba kanali kakuwawa kakang'ono kunja kwa chigongono cha kumanja, makamaka ndikamenya kampira chobweza dzanja. Ndinkangoti kadzatha. M'mawa wina ndikunyamula kapu ya tiyi, ululu unatsika ngati moto kuchokera pachigongono mpaka m'zala, kapu n'kugwa. Kenaka zinthu zopusa zinayamba kundigonjetsa: kupotoza kiyi, kugwira buleki ya njinga, kulemba pa bolodi mzere wa pamwamba. Munthu akandigwira chanza mwamphamvu ndinkaluma mano kwinaku ndikumwetulira.

Kuchipatala adokotala anandidina ndi chala pa kafupa ka pambali, ine n'kudumpha pa mpando. Anati mtsempha wa pamenepo watopa ndipo wang'ambika pang'onopang'ono. Anati pachingerezi matendawa anawapatsa dzina la osewera tenisi, ngakhale ine tenisi sindinaigwirepo chibadwire. Anandimanga kalamba mmunsi mwa chigongono n'kundionetsa zochita: kutenga botolo la mchenga, kugoneka mkono pa bondo, kulitsitsa botololo pang'onopang'ono, kenaka kulikweza mothandiza ndi dzanja linalo. Katatu pa tsiku.

“Kwa miyezi itatu musagwire chilichonse mofinya,” anatero. “Raketi ayi. Nkhwangwa ayi. Khasu ayi.”

“Adokotala, ndine mkamwini,” ndinatero. “Okutobala ndi uyu.”

Anaseka, koma ataona nkhope yanga analeka. Anangoti mtsempha sudziwa za chikamwini.

Okutobala anafika ndi dzuwa lake loswa mtengo. M'bandakucha mudzi wonse unkalowera kumunda kukaunda mizere. Akazi anga ankabereka mwana, khasu pa phewa, langa n'kulisiya pa khoma. Mwamuna wa mng'ono wawo, mkamwini mnzanga, anali munthu wa mapewa ngati chitseko, ndipo chaka chimenecho ankalima ngati wachita kutumidwa kuti andichititse manyazi. Ine, ndisanapite kusukulu, ndinkakhala pakhonde n'kumatsitsa botolo la mchenga. Munthu wamkulu, wandevu zake, kuwerenga mpaka khumi ndi zisanu ndi kabotolo ka fanta. Chikhala kuti mkonowo unatupa kapena kutuluka magazi, bwenzi zili bwino. Koma unkaoneka wosalala, wathanzi, wonenepa kuposa wa munthu aliyense m'mudzimo.

Apongozi sakanandifunsa, ndipo ine sindikanawafotokozera. Ndiye anapeza njira yawo. Pobwera kumunda ankaima pabwalo, msana atandilozetsa, n'kuyamba kulankhula ndi nkhuku.

“Nkhuku inu, idyani msanga mubisale. Kuno kuli anthu odwala nthenga.”

Tsiku lina anauza mbuzi kuti masiku ano mabotolo akulemera kuposa makasu. Ndinapsa mtima mpaka makutu kuchita kutentha. Ndinali ndi mawu okwanira, ndinali ndi kapepala ka kuchipatala m'thumba, koma mwambo unanditseka pakamwa. Ndinalowa m'nyumba n'kukalipira akazi anga, amene sanalakwe kanthu ndipo manja awo anali matuza okhaokha. Ndinawatuma kukanena kuti ndipeza aganyu aunde mbali yangayo. Anabwerako ndi yankho msangamsanga: “Akuti aganyu sindiwo anakwatira mwana wawo.”

Loweruka lotsatira ndinatenga khasu. Ndinati chilichonse chichitike. Mizere itatu yoyamba ndinaunda mwaukali, wachinayi ndinaunda ndikulira chamumtima, wachisanu khasu linangopulumuka m'manja. Ndinaima pakati pa munda, anthu onse ataweramira pansi ngati sakuona, pamene ndinkadziwa kuti akuona. Lolemba ndinalephera kugwira choko, ndinachita kuuza ophunzira kuti azilemba okha pa bolodi ine ndikunena.

Ndinabwerera kuchipatala. Adokotala sanasekenso.

“Mwabwezeretsa zonse pambuyo,” anatero. “Tiyambirenso kuwerenga. Mukapitiriza chonchi mutha chaka, mwinanso kuposa, ndipo za raketizo muiwaliretu.”

Ndiulule pano, poti ndinazibisa nthawi yaitali. Mawu onse amene ananena aja anangondidutsa, koma akuti za raketi muiwaliretu anandilasa mumtima. Pobwerera pa minibasi sindinaganize za munda, kapena za Dambe, kapena za malume. Ndinkangoona shedi ija, fungo la fodya wakale, kaphokoso ka nsapato pa simenti. Kuyambira tsiku limenelo ndinamvera adokotala ngati mwana wa sukulu. Khasu sindinalikhudzenso. Ndinkadziuza kuti ndikusunga mkono wolembera pa bolodi, umene umadyetsa banja, ndipo zinali zoona, koma zoona zake sizinali zokhazo.

Masabata asanu anadutsa ngati zaka. Loweruka masana ndinkakhala pakhonde n'kumayang'ana wotchi, kumaganiza kuti pano ayamba, pano asinthana mbali. Nyumba yathu inali pakati pa nyumba za apongozi, mlamu wanga ndi azakhali, moti kulikonse kumene ndingayang'ane kunali khomo la munthu amene ankandiwerengera masiku. Kusukulu ndi kunyumba, kunyumba ndi kusukulu. Ngakhale kutsokomola ndinkachita kusamala.

Loweruka lachisanu ndi chimodzi ndinauza akazi anga kuti ndikukaonerera chabe. Anandiyang'ana n'kupitiriza kunola khasu lawo pa mwala. Ndinapita wapansi. Ndinakhaladi pa belo lakale la fodya n'kumaonerera, mwina mphindi makumi awiri. Kenaka kalaliki uja anati, “Aphunzitsi, nanga lamanzerelo nalonso adokotala analetsa?” Sanaletse. Ndinagwira raketi ndi dzanja lamanzere, lamanja nditalipinda pachifuwa. Ndinkaphonya, ndinkazungulira ngati woledzera, anzanga akugwa nazo chiseko. Koma kamodzi kokha ndinakamenya bwino, kampira n'kulira tswii kudutsa neti, ndipo ndinakuwa mpaka malata kuyankha. Sindinasangalalepo choncho chiyambire Ogasiti.

Sindinaone kuti pakhomo la shedi panaima wakabaza wina amene anabweretsa munthu pa esitetipo. Anali msuweni wa akazi anga. Nkhani inakwera njinga, ine ndinali wapansi. Pofika kumudzi ndinapeza bwalo lili zii, ngakhale nkhuku sizinauzidwe kanthu tsiku limenelo. Ndinayamba kufotokozera akazi anga kuti linali dzanja lamanzere, kuti khasu limafuna manja awiri pamene raketi imafuna limodzi. Anandilola kumaliza.

“Ndikanene zimenezo kwa amayi?” anafunsa. “Ndikawauze kuti munkadumpha ndi dzanja lamanzere?”

Mvula inagwa kumapeto kwa Novembala. Pobzala ndinapita nawo, ndikuponya mbewu ndi dzanja lamanzere n'kumakwirira ndi chidendene, m'mizere imene sindinaunde. Chimanga chinamera bwino. Chitafika masamba atatu, malume anatiitana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo. Anali munthu wofatsa, woseka ndi aliyense, ndipo anayamba n'kundifunsa za mkono ngati mnzawo.

“Ukupezako bwino, malume,” ndinatero.

“Tathokoza. Ife sitikana kuti mukudwala, aphunzitsi. Ululu wa munthu amaudziwa mwini wake.” Anatola katsamba n'kumakapinda. “Koma tamvani. Kuno mkono wanu utakana, mwana wathu anali ndi amayi ake pafupi, mng'ono wake, mlamu wake. Munda unatha. Nanga ku Dambe ukakakananso, iye adzakhala ndi yani? Adzaunda yekha, inu muli kwa anzanu?”

Ndinafuna kunena kuti pofika Januwale ndikhala nditachira. Ndinafuna kunena kuti munthu sayezedwa ndi chaka chimodzi, kuti zaka zinayi ndinalima popanda wodandaula. Koma mawu akuti “kwa anzanu” anali atanditsekera njira zonse. Ndinangoyang'ana pansi.

“Khalani kaye,” anatero malume. “Tidzaonanso. Sitikuthamangitsani, ndinu mwana wathu.”

Ndinaomba m'manja kuthokoza, monga mmene mkamwini amachitira, chigongono chikundikumbutsa kuti chilipo.

Pobwerera akazi anga anatsogola. Sanalowe m'nyumba. Anakhala pa mpando wa pakhonde, pamene ndinkakhala ine ndi botolo langa, n'kuyala manja awo pa maondo. Ndinali nditakonzeka kuti andikalipire, ndipo ndikanakonda kuti atero. M'malo mwake analankhula motsitsa.

“Bambo a mwana, inu mumaona ngati womangika m'mudzi muno ndinu nokha. Ine ndinabadwira pano. Ndili ndi mwana wanga, koma mpaka lero ndikagula chitenje amayi amafunsa kuti ndagulira chiyani. Inu muli ndi Loweruka. Ine ndinali ndi Dambe basi.”

Ndinkadziwa kuti akufuna Dambe, koma sindinadziwe kuti ankaganiza choncho. Zaka zonsezo ndinkawaona ngati mwini mudzi, wokhala kwawo mosatekeseka.

“Ndikufunseni chinthu chimodzi, musandinamize,” anapitiriza. “Mbali yanu ija ndinaunda ndine, sindikudandaula. Ndinkati mkono wa amuna anga uchire. Koma inuyo mumausungira chiyani mkonowo?”

Ndikanatha kunena za choko. Yankholo linali pakamwa kale, ndipo linali lomveka, ngakhale malume akanalivomera. Koma akazi anga anali atandiona Loweruka lililonse ndikuyang'ana wotchi.

“Raketi,” ndinatero.

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu umene ankaudziwa kale. Anadzuka, n'kutenga ndowa kupita kumjigo.

Mkono unachira mu Januwale, monga ananenera adokotala. Panopa ndimagwira khasu, ndimagwira nkhwangwa, ndipo chaka chathachi ndinaunda mizere yambiri kuposa mkamwini mnzanga uja. Malume sanabwererenso ku nkhani ija, ndipo ankhoswe akuti ndisafulumire. Malo a bambo anga ku Dambe akulima ndi msuweni wanga. Ku shedi ndinabwererako, sindinama, ndipo ndimamenya mwamphamvu kuposa kale. Ndikamatulutsa njinga Loweruka masana akazi anga amandipatsa botolo la madzi, n'kundiuza kuti ndiyende bwino. Za Dambe sanazitchulenso.