Kasosala ka Atate

Kasosala kaja kanali koyera, ka maluwa abuluu m'mbali, kobenthuka pang'ono pamlomo. Kapu yake inasweka ine ndisanabadwe, ndipo amayi ankangokasunga m'kabati osadziwa ntchito yake. Chaka chimene ndinali mu Sitandade 5, m'nyengo ya mango, kasosalako kanasanduka mbale ya atate.

Atate anali msodzi wa ku Yofu, pachilumba chathu, munthu wodziwa kudya. Akabwera kokoka ukonde wa chilimila ankamaliza mitanda itatu ya kondoole, nsima ya chinangwa, n'kufunsa ngati mumphika mwatsala kanthu. Kenaka anayamba kukhuta msanga, kusanza ndi kuwonda. Anakwera sitima yapamadzi ndi amayi kupita ku chipatala chachikulu ku Blantyre, ndipo anakhalako miyezi iwiri. Tsiku lobwera ndinapita kukawachingamira, ndipo ndinawadutsa. Atate anga ondibereka ndinawadutsa, maso anga akufunafuna munthu wathupi m'chigulu cha anthu otsika sitima.

Kunyumba anavula malaya chifukwa cha kutentha. Chipsera chinayambira pansi pa chifuwa mpaka pamchombo, chofiira, chokhala ndi timadontho uku ndi uku ngati msoko wa thumba la ufa. Amayi anatiuza mosapita m'mbali kuti matendawo anali khansa, ndipo madokotala anachotsa chifu chonse n'kulumikiza njira ya chakudya ndi matumbo. Ine ndinali nditaonapo mbuzi ikutumbulidwa pa Khirisimasi, ndipo ndinkadziwa kuti chinthu chochotsedwa chifu sichidzukanso. Koma atate anali pomwepo pampando, akupuma, akundifunsa za sukulu. Ndinathawira kuseri kwa khitchini.

Amayi anabwera ndi malamulo a dokotala, ndipo ankawasunga kuposa malamulo khumi. Chakudya chisapitirire kasosala. Adye kasanu ndi kawiri pa tsiku, pang'onopang'ono, atafune mpaka chakudya chisungunuke m'kamwa. Madzi asamwe akudya. Shuga ayi. Ndiye atate, amene ankadyera limodzi ndi anzawo m'mbale imodzi kunyanja, anayamba kudyera okha m'nyumba: dzira lophwanya, kamnofu ka utaka kochotsa minga, tisupuni titatu ta phala la mtedza. Amayi ankakhala pambali akuwerenga masupuni. Atate akatambasula dzanja kufuna kuwonjezera, amayi ankachotsa kasosala n'kunena kuti, "Dikirani kaye, bambo."

Kwathu wodwala timamuchiritsa ndi chakudya. Munthu akamaliza mbale timati wachira, ndipo wobwera kudzazonda matenda funso lake loyamba ndi lakuti, kodi akudya? Choncho anthu ataona kasosalako anagwira pakamwa. Azakhali, alongo awo a atate, sanabise mawu. Ankanena mokweza popita kunyanja kukatsuka mbale, ine ndili pambuyo pawo: "Mlongo wanga sanafe ndi mpeni wa ku Blantyre, adzafa ndi njala m'nyumba mwake." Lero ndikudziwa kuti azakhali ankalankhula chifukwa cha mantha. Panthawiyo ndinawakhulupirira. Ndinayamba kuwayang'ana amayi ndi diso loipa, ndipo mtima wanga unawada ndithu.

Lachisanu lina amayi anapita kumsika wa ku Chipyela kukafuna mazira, ine ndinajomba kusukulu. Ndinali ndisanaphikepo kondoole ndekha, ndinkangothandiza kusefa ufa. Tsikulo ndinakoleza moto, ndinatereka mphika, ndinavundula mpaka mikono inawawa. Kondoole anatuluka wa mibulu, pakati pake ufa wosapsa. Ndinaomolera m'mbale yaikulu imene atate ankadyera kale, ndinaika usipa wokazinga, ndipo ndinapanga tiyi wa shuga masupuni anayi, monga ankakondera kale.

Ndinagwada pamaso pawo n'kuika mbale. Atate anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandiyang'ana ine. Monga abambo ambiri amaitanira ana awo aakazi, anati, "Mayi, mwaphika nokha?" Ndinavomera ndi mutu. Anasamba m'manja.

Ndikukumbukira phokoso la kumeza kwawo. Ankatema mbamu, kuumba, kutafuna, kupuma kaye, kutemanso. Asanafike pakati thukuta linali litayamba kutsika m'masaya mpaka kudontha pachibwano. Ine ndinkati ndi kutentha kwa Novembala. Anamaliza mbale yonse, anamwa tiyi, n'kunena kuti, "Wapsa bwino." Ndinanyadira zedi, ndipo mumtima ndinati amayi achita manyazi lero.

Sipanapite nthawi. Nkhope yawo inatuwa, milomo inauma. Anayesa kuimirira, n'kugwa chammbali pamkeka atagwira pamimba, akubuula ngati ng'ombe. Mtima wawo unkaoneka kugunda pakati pa nthiti. Anasanza, anadziyipitsira pomwepo, maso anatembenuka. Ndinakuwa mpaka mawu anandithera. Amalume, amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, anathamanga ndi anzawo awiri. Anawanyamula pa chitseko chimene anazula kukhitchini, n'kuyamba nawo njira yamiyala yopita ku chipatala cha pachilumba, ine ndikuthamanga pambuyo opanda nsapato. Tinakumana ndi amayi panjira. Mazira onse anagwa pansi.

Atate anagona m'chipatala masiku atatu, botolo la madzi lili pamkono. Amayi atabwerera kunyumba anapeza mphika wa nkhoko ndi mbale yaikulu yosatsuka. Anatola m'bulu umodzi, anaufinya ndi zala, ufa wauwisi unatuluka. Anandiyang'ana. Ndinadikira ndodo, koma sinabwere. Anatsuka mbaleyo, anaipukuta, n'kuiika pamwamba pa kabati pamene dzanja langa silikanafika. Azakhali atafunsa chimene chachitika, amayi anangoti, "Anadya zambiri." Kuyambira tsiku limenelo azakhali sanatchulenso za njala, ndipo iwo omwe anayamba kubweretsa mazira.

Atate anakhala zaka zina zinayi. Thupi silinabwerere, ndipo kuchilimila sanapitenso, koma ankasoka maukonde, kasosala kali pambali, akudya ngati nkhuku yotola mapira. Ndikaphika ankatema kambamu kofanana ndi chala chachikulu, osapitirira. Za tsiku lija sitinakambiranepo.

Amayi anandiuza zoona zake patapita zaka, ine ndili ndi ana anga. Anati m'chipatala muja anawakalipira atate: "Inu munthu wamkulu, dokotala anakuuzani pamaso panga chimene chidzachitike. Munadyeranji?" Atate anayankha kuti mbale yoyamba ya mwana wamkazi sabweza, ukaibweza dzanja lake limazizira moyo wonse. Kenaka anati, "Komanso sindinkadziwa ngati yachiwiri idzandipeza."

Kwa zaka zonsezo ndinkasenza mlandu woti ndinatsala pang'ono kupha atate mosadziwa, ndipo ndinkaganiza kuti anamaliza mbale ija chifukwa njala inawapweteka, monga ankanenera azakhali. Munthu wopanda chifu njala saimva ngati ife. Pamene ankaiyang'ana mbale ija nthawi yaitali, ine nditagwada ndikumwetulira, ankadziwa zonse zimene zikubwera, ndipo anasamba m'manja.