Matayala a mizere yakuya

Chaka chimene mkazi wanga anatisiya, mwana wathu Limbani anagula galimoto yaliwiro yochokera ku Japan. Anandituma ku Biwi kukasankha matayala, poti ndinayendetsa lole zaka zambiri.

Wogulitsa, Che Saidi, sanandibisire. "Abambo, a mizere yakuyawo ndi a kumayiko ozizira, kumene madzi amaundana pamsewu. Pa phula lotentha la kuno sachedwa kutha. Tengani awa a nyengo zonse."

Amakanika amene anali pamenepo ankamvetsera. Ine kuphunzitsidwa matayala pagulu? Ndinaloza a mizere yakuya omwewo.

Pofika Okutobala anali atasalala ngati chikhatho. Limodzi linaphulika pa Kanengo, Limbani ali m'galimotomo ndi mkazi wake woyembekezera. Mulungu yekha ndiye anawapulumutsa.

"Adadi, zinyalala zimenezi anakusankhirani ndani?"

Ndinati wogulitsa.

Lamlungu, titaweruka kutchalitchi, tinapita limodzi ku Biwi. Limbani anamutcha mkulu uja wakuba pamaso pa makasitomala ake. Che Saidi ankangondiyang'ana, kudikira kuti ndilankhule. Ine ndinali ndi Baibulo m'khwapa, maso ali pa nsapato zanga.

Mpaka lero Limbani amachenjeza anzake kuti asamagule kumeneko, ndipo amati, "Mukafunse adadi."